Fungo la M'chipinda Chositira

Fungo lija linayamba kumveka sabata yomwe mtsikana wa tsitsi lofiira analembedwa ntchito, koma Azakhali ankadziwa bwino komwe linkachokera. Mayiwa anali atasita zovala za alendo pahotelapo zaka khumi ndi zinayi, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Azakhali. Pansi pa sokosi yawo yakumanzere panali chilonda chokana kupola. M'mawa uliwonse ankachimanga ndi nsanza ziwiri, koma simbi zikangotentha, nthunzi inkaulula zonse. Anzawo atatu ankakwinya mphuno, osadziwa woti am'loze chala.

Mtsikanayo tsitsi lake linali lobadwa nalo, lofiira ngati njerwa yowotcha, moti tsiku loyamba lomwelo anam'patsa dzina loti Kanjerwa. Tebulo lake linali moyandikana ndi la Azakhali.

Tsiku lina masana, Kanjerwa atatuluka kukamwa madzi, Azakhali anatsitsa mawu n'kuuza anzawo kuti anthu a tsitsi lotere thukuta lawo ndi lina, amanunkha ngati mbuzi yonyowa ngakhale asambe kasanu. Anati anamva kwa dokotala. Dokotalayo kunalibe, koma onse anavomera, wina n'kunena kuti nayenso anali atazindikira kale.

Kuyambira pamenepo Kanjerwa akalowa, wina ankatsegula windo, wina ankatsokomola. Pa tebulo pake anapezapo sopo, mawa lake mandimu awiri. Iye ankangosita mutu uli pansi. Sabata yachitatu anabwera tsitsi lili bii, atalidaya ndi mankhwala ogula pamsewu omwe anam'tupitsa matuza m'mutu ndi kuseri kwa makutu. Anzake anaseka mpaka misozi. Azakhali anati utoto sufika m'magazi.

Lachinayi lake Azakhali anali kubafa, mwendo uli pa mpando, akusintha nsanza zija. Anaiwala kukhoma chitseko, ndipo Kanjerwa analowa. Mtsikanayo sanadzidzimuke.

"Azakhali, chilonda chotere musamachimange ndi nsanza," anatero chapansipansi. "Amayi anga anali nacho, anachedwa, mpaka anawadula mwendo. Pitani kuchipatala. Ine sindiuza munthu."

"Wadziwa liti iwe?"

"Tsiku lomwe ndinayamba ntchito."

Azakhali anakweza sokosi. Chomwe chinawawawa kwambiri si mantha, koma chifundo chomwe anachiona m'maso mwa mwana wa dzulodzuloyu. Anatuluka osam'yang'ana, n'kulunjika ku ofesi ya kapitawo. Kumeneko ananena kuti fungo la mtsikana uja layamba kulowa m'nsalu zoyala pabedi, ndipo alendo akadandaula, dzina loipa likhala la onse.

Kapitawo anabwera m'chipindamo n'kufunsa mmodzimmodzi, mtsikanayo ali pomwepo. Onse atatu anati n'zoona. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, Kanjerwa anatembenukira kwa Azakhali n'kudikira. Azakhali analavulira kachala n'kuyesa ngati simbi yatentha.

"Ndilibe mawu, bwana," anatero Kanjerwa.

Kapitawo anamuuza kuti asabwerenso mawa. Mtsikanayo anavula epuloni, anaipinda bwinobwino n'kuisiya pa tebulo. Asanafike n'komwe pakhomo, mnzake wina anaitola ndi nsonga za zala n'kuiponya m'bini, ena aja n'kuphulika kuseka. Nawonso Azakhali anaseka, kenako anakokera kwa iwo malaya asanu omwe mtsikanayo anasiya osasita, n'kuwamaliza atatsamira mwendo wakumanja.