Mano a Zione Sakumana

1.
Lumani, akutero adokotala.
Ndaluma. Pakati pa mano anga pali kapepala kabuluu kamene kamasiya utoto pomwe mano akhudzana. Akatulutsa. Mano akumbuyo abuluu. Akutsogolo oyera mbee, sanagundane n'komwe. Alowetsa kachitsulo koyezera mumpatamo, awerenga, akwinya nkhope.
Lumaninso, Zione.

2.
Zomwe mano akutsogolo a Zione sangadule:
ulusi
nzimbe
chimanga chootcha
selotepi
nyama ya pachiwaya, imene amailowetsa cham'mbali ngati waiba.

3.
Ndili chagada pampando, kukamwa yasa. Pabenchi pakhala azakhali anga a Nachisale, amene anandilera, atavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi poti akachoka pano akupita kumapemphero. Pakhomo paima Ganizani, amene akundikwatira mwezi wamawa. Iye wangobwera kudzatiyendetsa.

4.
Waya wowongola manoyu ndinakuikani chaka chatha, akutero adokotala. Ndikamanga, mano amayandikana. Mukabweranso, mpata uja wabwerera. Pali chinthu chikuwakankha. Ndikapanda kuchipeza lero ndichotsa wayayu, chifukwa ndikungokupwetekani pachabe.
Nanga zithunzi za ukwati? akufunsa azakhali.
Azidzamwetulira chotseka pakamwa, mayi.
Mkwatibwi ngati wakwiya? Ayi, yezaninso.

5.
Uli Sitandade 2 ndipo azakhali akupaka tsabola wa kambuzi pachala chako chachikulu ndipo ukulira ndipo ukuchiyamwabe ukulira choncho mpaka akuveka sokosi kumanja n'kumanga ndi chingwe cha mlaza ndipo m'mawa wake ukupita kusukulu ndi mzere wa chingwe pamkono ndipo Sitelia wokhala naye desiki akuuza kalasi yonse ndipo akukuimbira nyimbo ya khanda kuyambira pampopi mpaka pageti ndipo ukulumbira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mbuzi za ahedi kuti basi wasiya ndipo unasiyadi, aliyense akudziwa kuti unasiya

6.
Lumani.
Kodi mumayamwa chala?
Ndinasiya ndili mwana, adokotala.
Ndinamusiyitsa ndine, akutero azakhali. Ndi manja angawa.
Nanga mukagona?
Munthu akagona adziwa bwanji?
N'zoona. Angadziwe ndi amene mumagona naye chipinda chimodzi.
Azakhali akuseka mpaka kugwira duku. Adokotala inu! Mwana uyu amakhala yekha m'nyumba yake ya lendi ku Chitawira. Abusa anamufunsa ngati anadzisunga, anavomera, ukwati analengeza kale. Velo yoyera ndasoketsa ine. Amagona yekha ngati sisitere. Mufunse ndani, khoswe wa kudenga?

7.

Kapaipi koyamwa malovu kokha kakulira.
Ndikuyang'ana nyali ya pamwamba panga. Sindikuyang'ana kukhomo.
Chabwino, akutero adokotala. Atola kapulayala.
Yasamulani.

8.
Ine ndine Ganizani, wongoyendetsa uja.
Masamu ake ndi awa. Ndikakhala chete, waya achoka, ndipo Zione aziseka ataphimba pakamwa ndi dzanja mpaka kukalamba, ine ndikudziwa chifukwa chake. Ndikayankhula, velo ichoka. Ndinaphunzira masamu ku yunivesite koma awa sanatiphunzitse.
Kapulayala kagwira waya.
Ndi chala chakumanzere, adokotala.
Mawu atuluka okha, aang'ono, ngati a munthu wina.
Amayamba akangogona tulo. Ndikachichotsa amachibwezamo. Ndiye ndinangosiya, poti amagona bwino.
Aa, ndiye tapeza! akutero adokotala, akuika kapulayala pansi. Waya akhala. Ndikupangirani kotchinga chala, mano awa akumana ndithu.
M'chipinda chonse akusangalala ndi iwo okha. Zione watsinzina, kukamwa kukadali yasa poti palibe wamuuza kuti atseke.
Azakhali aimirira. Akonza bulauzi yawo yoyera, atola chikwama, andiyang'ana kuyambira kunsapato.
Bambo, kalizeni galimoto. Tidzera kwa abusa.