Nkhuku Zingati Ndiye Zakwana?

Kachitatu m'miyezi iwiri, mzime wa pakhomopo, kamtsikana ka zaka zinayi, anatsekulanso m'mimba. Mayi ake atabwera naye kuchokera kuchipatala ali lefu kumsana, anapeza amuna awo akuyeza malo ndi chingwe kuti amange khola lachisanu.

Bambowa anthu ankangowatchula kuti a Onjezani, ndipo dzinali linkawakhala. Anayamba ndi nkhuku zoikira makumi asanu. Zitachita bwino, anadula mtengo wa mapeyala n'kumangapo khola lachiwiri. Lachitatu linadya dimba la masamba. Lachinayi analimanga kumtunda kwa chitsime, mapazi khumi okha. Pabwalo panalibenso pokhala, moti fungo ndi ntchentche zinathamangitsa ngakhale alendo aja osachedwa kubwera tiyi akapsa.

"Bambo a ana, pindani chingwecho," anatero mayiwo. "Khola lina pano ayi. Ndaitana alangizi a zaumoyo, abwera mawa."

"Kodi inu chitukuko simuchifuna? Bizinesi ikasiya kukula imafa."

"Nanga mwana akasiya kukula?"

Koma a Onjezani chingwecho sanapinde.

Mlangiziyo, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anafika m'mawa. Anapempha ndowa ya madzi n'kuikhuthula pakhomo pa khola lachinayi. Onse anaona madziwo akutenga zitosi, akutsetsereka mpaka kukalowa m'ming'alu ya m'mbali mwa chitsime.

"Mukamatsuka khola kapena ikagwa mvula, mwana amamwa zimenezi," anatero. "Koma ndikufunseni, bambo. Mukufuna nkhuku zingati kuti munene kuti zakwana?"

"Zambiri basi."

"Zambiri zilibe polekezera, koma malo anuwa ali ndi malire. Munayamba kuweta chifukwa chiyani?"

"Kuti ana azidya bwino, azikula athanzi."

"Athanzi ake omwewa?" analowerera akazi awo. "Mazira onse amapita kumsika. Ana amadya osweka okha. Masamba ndikuchita kugula, pomwe kale ndinkangothyola kuseri kwa nyumba."

Mawuwo anawalasa a Onjezani pamtima. Anayang'ana mwana wawo atagona pakhonde, milomo ili gwa, ndipo anachita manyazi kwambiri. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mlangizi uja anawafotokozera zochita: kuphwasula khola lapachitsime, kumata ming'alu ndi simenti, kuthira mankhwala m'madzi, ndi kuwiritsa madzi akumwa. Anawauzanso kuti nkhuku zikathithikana zimajomphana, zimadwaladwala, ndipo siziikira bwino.

Tsiku lomwelo bambowo anatenga hamala okha. Kunali kowawa kuzula misomali imene anakhoma ndi manja awo, ndipo anzawo ankawaseka kuti a Onjezani asanduka a Chotsani. Iwo sanabwerere m'mbuyo. Anagulitsa nkhuku za makola awiri n'kutsala ndi zimene banja likanatha kusamala bwino. Zitosi anayamba kuziwunjika kutali ndi chitsime kuti ziwole, kenako n'kuthira m'dimba limene akazi awo anatsegulanso ataphwasula khola lachitatu.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, kamtsikana kaja kanali kakuthamangitsana ndi anzake pabwalo, masaya atabwerera. Phindu la mazira linali locheperapo, nzoona, koma zakudya za nkhuku ndi mankhwala sizinkawapanikizanso, ndipo mwana aliyense ankadya dzira lathunthu m'mawa.

Wogulitsa anapiye atabwera ndi mtengo wotsitsa, anawanyengerera kuti atenge mazana atatu. A Onjezani anayang'ana dimba, chitsime ndi mwana wawo.

"Pepani achimwene," anatero. "Kuno zakwana."

Phunziro ndi lakuti kuchuluka kwa zinthu si chitukuko pakokha. Pabanja, pabizinesi ngakhale m'dziko, tisanawonjezere tizifunsa kuti tikukulitsa kuti zithandize yani, ndipo zikuwononga chiyani. Chitukuko chenicheni chimasiya anthu athanzi, madzi abwino ndi nthaka yoti ana adzaipeze ikubalabe.