Ife Timavina Chiyani?

Mu Boitekong monse, komboni ya pafupi ndi migodi, munalibe munthu wosalankhula ngati Absalom Phiri. Ena a mumsewu wawo ankamuyesa wonyada, ena wachibwibwi, koma onsewo ankaponyera kumbali. Munthuyu anali ndi nkhani zodzaza nkhokwe. Vuto linali loti lilime lake linali la ku Dedza, pomwe chitupa cha m'thumba mwake chinkati iye ndi Mtswana wobadwira konkuno.

Anabwera ku Joni pa Theba mu 1986. Njira ya Theba itatsekeka, anzake ananyamula masutikesi n'kubwerera kumudzi, iye n'kutsalira. Kalaliki wina, amene dzina lake tisalitchule, ndiye anamukonzera chitupacho. Ataona dzina anaseka mpaka misozi. “Phiri? Wapulumuka, mnzanga. A Phiri aliponso kuno.” Absalom sanafunse chomwe chinkaseketsa. Munthu womira safunsa mtundu wa chingwe.

Koma walira mvula walira matope. Boma latsopano litaitana ogwira ntchito m'migodi ochokera kunja kuti akalembetse n'kukhala mwalamulo, machona anzake anathamangirako. Nanga iye akanapita ngati ndani? Papepala sanali mlendo. Kuulula kunali kutaya ntchito, kutaya penshoni ya zaka khumi ndi chimodzi, ndiponso kuchotsetsa mwana wake sukulu. Kumudzi sakanapita, pakuti pachipata cha malire akanaonetsa chiyani? Anangokhala choncho, mapanga awiri akumuvumbwitsa.

Pansi pa mgodi panalibe vuto. Kumeneko onse ankalankhula Fanakalo, chilankhulo chopanda mwini chomwe aliyense amachithyola mofanana. Pamtunda ndiye panali pa minga. Chitswana chake chonse chikanakwana m'bokosi la machesi: moni, zikomo, inde ndi ayi. N'chifukwa chake m'kachipinda ka kuseri komwe ankachita lendi munali lamulo limodzi lokha, loti Chichewa chimathera pachitseko.

Mwana wakeyo, Linnet, anafika kuno ali kumbuyo kwa mayi ake, a Rozalia, ali ndi zaka zitatu. Tsopano mu 1997 anali ndi zaka khumi, ali Sitandade 3, ndipo Chitswana ankachimwa ngati madzi. Lamlungu lililonse masana, akaweruka kutchalitchi, Absalom ankayendera makope ake limodzi limodzi. Ankawakonda masamu ogawa ataliatali aja. Ankaikonda nyemba yomera m'botolo la thonje lonyowa pawindo, ndipo ankaiyeza yekha ndi chala mwana asakuona. Mapu a mitsinje nawo analibe mlandu.

Teremu imeneyi zinthu zinaipa. Mphunzitsi wa Linnet, Mma Ditsele, mayi wakhama wokonda ntchito yake mopitirira muyezo, anamanga maphunziro onse pachingwe chimodzi, mutu wake n'kukhala wakuti “Kwathu.” Masamu ankafuna makilomita a kwa agogo. Absalom anatchula mudzi wina umene anangouwerenga pagalasi la tekisi. Mapu ankafuna njira yopita kumudziko, mbiri inkafuna mayina a makolo, ndipo iye, mkulu wa mpingo wathunthu, anabatiza bambo ake omwalira dzina la Chitswana. Phunziro lililonse linali msampha, ndipo Lamlungu, limene kale linali tsiku lake lokoma, anayamba kuliopa.

Tsiku lina Linnet anatsegula kope la Chitswana.

“Ababa, aphunzitsi akuti tikafunse kuti ife timavina chiyani.”

“Kuvina?” Absalom anachita tsinya. “Ukawauze kuti ife ndife a mpingo. Sitivina kanthu, timangoimba kwaya basi.”

“Si kuvina kwa miyendo, ababa. Kuno akafuna kudziwa mfunda wako amati o bina eng, ndiye kuti umavina chiyani. Anzanga ambiri amavina ng'ona, ena njovu. Ine andiuza kuti yanga ndi yosavuta, ili kale m'dzina langa. Akuti ndikajambule phiri.”

Mtima wa Absalom unakhala pansi ndi chisangalalo. Pamapeto pake kunapezeka ntchito ya kusukulu yosafuna bodza.

“Bwera nayo pensulo!”

“Koma ababa...”

“Bwera nayo, iwe. Phiri ukulidziwa ndiwe kapena ine?”

Sanajambule mapiri ouma a kuno, a kuseri kwa Cashan, ayi. Anajambula phiri la Dedza. Anaikapo mitengo ya paini, thanthwe limene ankakhalapo akuweta mbuzi, nkhungu ya mu Juni yomwe imakwirira nsonga mpaka dzuwa litakwera, ndi kanjira kotsikira kudimba la kachewere la amalume ake a Lyson. Ndipo pakamwa panatseguka. Ananena za mphepo yolasa m'mafupa, za tsiku lomwe anasochera m'nkhungu n'kupezeka ali pamsika wa kutsidya kwa malire, akuseka mpaka kutsokomola. A Rozalia anasiya kusita malaya n'kuima chilili kumuyang'ana mwamuna wawo. Linnet anatsegulanso pakamwa, kenako anatseka. Analandira pepalalo ndi manja awiri.

Loweruka lomaliza la teremu linali tsiku la makolo. Absalom ankazemba misonkhano yotere ngati mliri, koma ulendo uno anavala jekete lake la kutchalitchi. Ankafuna kuona phiri la kwawo litapachikidwa pakhoma la sukulu ya ku Joni, lokhalo lopanda bodza pakati pa mabodza ake onse.

M'kalasimo munali modzaza makolo. Anayamba kuyenda m'mbali mwa khoma, Linnet ali pambuyo. Ng'ona, ng'ona, ng'ona inanso yonga buluzi wodwala, njovu, pusi. Phiri panalibe. Anabwereranso poyambira. Ndipo apo, pafupi ndi bolodi, anaona chinyama cha mawangamawanga, chotsika kumbuyo, chitatulutsa mano. Fisi. Pansi pake panali nyenyezi yofiira ndi dzina lolembedwa mosamala: Linnet Phiri.

Fisi! Chilombo chomwe amakwera afiti, chakuba mbuzi m'khola, dzina lomwe kwawo ukamutchula nalo mwamuna mnzako mlandu wake umakathera pabwalo. Ndani wachita chipongwe chimenechi pa mwana wake? Kapena atulukira, ndiye akumunyoza poyera? Anatembenuka kufunafuna mphunzitsi, mawu a Chichewa atafika kale pammero.

Kadzanja kanamugwira mkono mwamphamvu. Linnet anaima ndi zala za kumapazi n'kuswa lamulo la pachitseko, monong'ona.

“M'Chitswana phiri ndi fisi, ababa. Chonde musalankhule.”

Absalom anauma ngati chitsa. Zaka zonsezi wakhala akuyenda ndi dzina la fisi m'thumba osadziwa, ndipo tsopano anamvetsa chomwe chinamuseketsa kalaliki uja. Kenako anaona chimene chikanachitika. Phiri lake lokongolalo likanapachikidwa apa, khomali likanamuulula pamaso pa makolo onsewa, pakuti ndi Mtswana uti wosadziwa tanthauzo la dzina lake lomwe?

Mma Ditsele anafika akumwetulira. Anamugwira chanza n'kuyamba kuthira Chitswana ngati mpopi, akuloza fisi, akuloza Linnet, akuloza nyenyezi. Absalom ankangogwedeza mutu n'kumati, “Ee, mma. Ee, mma.” Kenako mayiyo, pofuna kusangalatsa makolo ndi kuonetsa ana mmene funso lija limayankhidwira, anakweza mawu.

“Rra Phiri, o bina eng?”

Ana onse anamuyang'ana. Kadzanja kaja kanafinya kawiri. Mawu a yankho nawonso anali olembedwa pansi pa chithunzicho ndi dzanja la mwana wake, ndipo iye anawawerenga ngati wa Sitandade 1.

“Ke bina phiri, mma.”

Anthu anaomba m'manja. Nkhalamba ina ya chipewa cha nthenga inadzuka movutikira n'kudzamukumbatira, ikudziguguda pachifuwa kuti nayonso imavina chomwecho, yapeza mbale wake. Absalom Phiri, mdzukulu wa a Phiri enieni, anasekerera nayo. Sanachitepo manyazi otere chibadwire.

Pobwerera anayenda mwakachetechete m'fumbi, kudutsa pokwerera matekisi. Atafika pakona ya msewu wawo, iye analephera kupirira.

“Mwananga, ndiye kuti iwe unkadziwa...”

Linnet anacheuka uku ndi uku, n'kumuyankha m'Chitswana, mwa mawu otsika, akuloza chakwawo, kuti adikire akafike kunyumba. Limeneli ndiye phunziro lomwe analikhoza koposa onse chaka chimenecho, ndipo silinali pa ndandanda ya Mma Ditsele. Mphunzitsi wake anali Absalom mwini.

Chitseko chitatsekedwa, mwanayo anatulutsa kope la masamu. Pakati pa masamu ogawa panali pepala lopindidwa kanayi.

“Ndinkafuna kukuuzani tsiku lomwe lija,” anatero, maso ali pansi. “Koma munkaseka, ababa. Sindinakuonenipo mukuseka choncho.”

Absalom analitambasula. Mzere wopindira unadutsa pathanthwe lake lowetera mbuzi. Anayang'ana makoma anayi a kachipindako kufuna polipachika. Apa mwini nyumba akanaliona akabwera, apo ana a oyandikana nawo akanafunsa. Panalibe khoma lake.

“Ndipatse sutikesi,” anauza a Rozalia.

Analipindanso mmene linaliri, n'kuliika pansi penipeni, pamodzi ndi pasipoti yake yakale yomwe inatha ntchito, n'kukankhira sutikesiyo kunsi kwa bedi. Fisi uja anakhalabe pakhoma la kalasi, ndi nyenyezi yake yofiira, mpaka sukulu itatsekera mu Disembala.