Kuseri kwa Chinsalu

Kezia anamangira nthochi zophika mu mpango n'kuziika pamwamba pa chikwama cha Manase pakhomo. Ku Nchenachena mlendo samuthamangitsa ndi pakamwa, amangomupatsa kamba wa pa ulendo.

"Matola a ku Rumphi amadutsa masana, adumbu," anatero kwa mchimwene wakeyo osamuyang'ana.

Manase anangothokoza kuti, "Yewo."

Panali patapita masiku atatu chiikireni bambo awo, aphunzitsi a Hezron Msiska, amene kwa zaka makumi atatu ankalemba masewero a ana a sukulu ya mishoni. Nthawi ya chipani chimodzi analemba sewero la bwana wankhanza amene anagwa pa phompho. Manase, ali mnyamata wofuna kutchuka, anakauza achipani kuti seweroli likunyoza boma, ndipo bambowo anakhala m'ndende zaka ziwiri. Chichokereni nthawi imeneyo, Manase anadzaponda pakhomopo tsiku la maliro. Kezia ankamuda mchimwene wakeyo, ndipo sankabisa.

Mayi awo, a NyaKhonje, anali pa mphasa akutulutsa katundu m'bokosi la malemu. Anaitana ana onse awiri kuti awathandize. M'bokosimo munalibe chuma, munali makope okhaokha, ena odyedwa ndi chiswe.

Kezia anatsegula loyamba, kenaka lachiwiri. Munthu woipa wa m'sewero lina anagwera pa mathithi a Manchewe, wina anatsetsereka pa chitunda cha Chiweta, wina anagwa kuchoka pa nsanja ya belu.

"Adada ankadziwa," anatero mokweza kuti mawu afike kwa eni ake. "Woipa aliyense amagwa. Palibe ndi mmodzi yemwe anapulumuka."

Manase anaweramitsa mutu. Koma mayi awo anaseka, kuseka koyamba m'nyumbamo chichitikireni maliro.

"Iwe unkakhala pa benchi ya kutsogolo, n'chifukwa chake. Ine ndinkakhala kuseri ndikusoka zovala. Ndinawafunsapo awiskemwe, bambo anuwo, kuti bwanji oipa anu onse amagwa ngati mapeyala? Anati woipa akagwa yekha, palibe mwana wa munthu amene aphunzire kugwira mkondo. Ankakana chomene kuti mwana abaye mnzake, ngakhale mongoyerekeza."

"Komabe ankagwa, amama," anatero Kezia.

"Ankagwera pati? Phompho lija linali matebulo awiri osanjikiza, ndipo sukulu inalibe matiresi. Inu mukuwomba m'manja, iwo anali kuseri kwa chinsalu atatambasula mikono. Mwana aliyense amene anagwa pamenepo anamuwakha okha. Msana umene unkawavuta uja mumati unayamba ndi choko?"

Kezia anatola kope lomaliza, latsopano ndithu, la chaka chomwecho cha 1997. Linali sewero la Khirisimasi limene malemu sanalimalize, ndipo zilembo zake zinali zonjenjemera. Pa tsamba loyamba, monga mwa chizolowezi chawo, anandandalika mayina a osewera. Kezia anawerenga chamumtima mpaka pansi, kenaka anabwereza.

*Wogwa: Manase, akabwera.*
*Womuwakha: ine. Ndikakhala ndafooka, Kezia.*

Zinamupweteka. Anakwiya nawo bambo akewo chifukwa chomupatsa ntchito osamufunsa, monga ankachitira masiku onse, ndipo nthawi yomweyo anawasowa kwambiri moti anakhala pansi. Anapereka kopelo kwa Manase chala chili pa mzerewo. Manase, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, anawerenga, n'kuphimba nkhope ndi kopelo.

Ku msewu kunamveka hutala ya matola. Manase anapukuta m'maso, naimirira.

"Ndipite, adumbu, angandisiye."

Kezia anafika pakhomo iye asanafike. Anamasula mpango uja, nthochi n'kuzikhuthulira m'mbale. Kenaka ananyamula chikwamacho ndi manja awiri, poti chinali cholemera kuposa mmene ankaganizira, n'kukachiika m'chipinda cha bambo awo.