Masiku Asanu a M'chikuta

Mwana wanga woyamba ndinamuona ali ndi masiku asanu. Sikuti ndinali kutali ayi. Ndinali pakhomo pomwepo, ku Chiringa kumene ndinalowa chikamwini, ndikumva kulira kwake ndili panja ngati mlendo.

Chinali chaka cha 2003, mvula itangoyamba. Mkazi wanga Felista anachirira kunyumba, m'manja mwa amayi ake. Mwambo wake mukuudziwa: mayi ndi khanda amabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo mwamuna salowamo. Ine ndinangouzidwa kuti kwabadwa mwana wamkazi, basi. Koma amayi otuluka m'nyumbamo sankaseka, ndipo nthungululu sindinaimve.

Tsiku lachitatu ndikuchokera kumunda, Felista anandiitanira pazenera lakuseri.

"AJonasi, mwanayu ali ndi chotupa kumsana, m'munsi cha kumatako. N'chofiira, ndiye chikuchucha madzi. Miyendonso sakuiponya."

"Nanga amayi akuti bwanji?"

"Akuti ndi chithupsa, chipola chokha. Akupakapo phulusa ndi masamba osinja."

"Tipite naye kuchipatala."

"Akukana. Akuti akatuluka mchombo usanagwe, akumana ndi anthu otentha m'njira, atsempheka. Kawauzeni inuyo."

Kukawauza apongozi, ine! Ine amene ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira m'munda wa chinangwa kuti tisakumane maso. Kwathu anandilanga kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo langizo limenelo ndinalisunga bwino kuposa mwana wanga. Ndinadziuza kuti mchombo ugwa mawa kapena mkuja, tidzapita pambuyo pake. Lero ndikakumbukira maganizo amenewo ndimadzida.

Tsiku lachisanu kulira kunasintha. Kunali kopyapyala, kobaya m'makutu, kenaka kunayamba kudukaduka. Felista anandiuza pazenera kuti thupi latentha ndipo bere akulikana.

Tsiku limenelo Mayi Gertrude, alangizi a zaumoyo a dera lathu, ankadutsa pa njinga kupita kusikelo ya ana. Ndinaima pakati pa msewu mpaka anatsika. Nditawafotokozera, sanafunsenso zambiri. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kulunjika kukhomo kwa chikuta, kumene apongozi anakhala pamphasa.

"Odi, amayi. Ndabwera kudzaona mlendo wathu."

"Sanatuluke m'chikuta," anatero apongozi.

"N'chifukwa chake ndabwera ndekha kuno. Ndisambe m'manja, ndimuone."

Analowa. Posakhalitsa ndinamva akundiitana. "Bambo Jonasi, lowani. Mwanayu ndi wanu, mumuone."

Ndinalowa. Kamwana kanali kokongola nkhope, tsitsi lambiri. Koma kumsana kunali chotupa chonga phwetekere wophwanyika, chakuda ndi phulusa, chikununkha.

Mayi Gertrude anapempha madzi owiritsa ozizira ndi nsalu yoyera. Anatsuka mozungulira pang'onopang'ono, n'kuphimba chotupacho ndi nsalu yonyowa, n'kumugoneka mwanayo chafufumimba.

"Ichi si chithupsa, amayi, komanso palibe amene wamulodza kapena kumutsempha," anatero. "Mwana akamaumbika m'mimba, msana wake umayenera kutsekeka. Wa uyu sunatsekeke, ndiye mitsempha ili poyera. Madzi akuchuchawa ndi omwewo a ku ubongo. Pamene madzi akutulukira, tizilombo timaloweranso pomwepo. Pamafunika kuti madokotala atseke pasanathe masiku awiri kapena atatu mwana atabadwa. Tachedwa kale."

"Mchombo sunagwe," anatero apongozi, koma mawu awo anali atafooka.

"Ukagwera kuchipatala, amayi. Felista akausunga, adzakubweretserani."

Apongozi anatembenukira kukhoma kuti asandiyang'ane. "Auzeni akamwiniwo kuti chikaoneka chinthu panjira, n'zawo."

"Ndavomera, amayi. Zikhale zanga," ndinayankha. Aka kanali koyamba kuwayankha m'zaka ziwiri za ukwati. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akulira. Sanali munthu woipa. Anali ndi mantha ngati ine, kungoti iwo ankaopa njira pamene choopsa chinali m'nyumba momwemo.

Felista anakhala pakaliyala ya njinga yanga atamunyamula mwana chafufumimba m'mikono, poti kumbuyo sakanaberekeka. Matope anali osayamba, moti malo ambiri ndinkachita kukankha njinga. Pachipatala chaching'ono anangomuona n'kumubaya jakisoni, kenaka anaitanitsa ambulansi yopita kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko wolemba mayina anafunsa dzina la mwana. Tinayang'anizana, poti wa m'chikuta sakhala ndi dzina. Felista anangoti, "Ennie."

Dokotala, bambo wachikulire wa magalasi, sanatibisire. "Matenda alowa kale mpaka kumutu. Sitingatseke chilondachi tisanawagonjetse. Tiyesetsa, koma sindikulonjeza."

Masabata amenewo sindifuna kuwakumbukira. Ennie ankakomoka, n'kutsitsimuka, n'kukomokanso. Timanja take tinatha ndi zingano mpaka anayamba kumubaya pamutu. Felista anauma ngati phesi, mkaka ankachita kufinyira m'kapu. Ine ndinkakhala pakhonde pamodzi ndi odikirira odwala anzanga, ndipo namwino aliyense akatuluka mofulumira ndinkati basi watisiya. Kupemphera kunandikanika. Ndinkangoti, "Ambuye," mawu ena osabwera.

M'chipinda chomwecho munali makanda ena a vuto lomweli. Wina anabwera naye atatha masabata awiri kunyumba, ndipo anamwalira tsiku lachitatu, mayi ake akulira mpaka kugwa pansi. Wina anali wa ku Chiwalo, m'boma lathu lomweli. Anabadwira kuchipatala, anamutumiza tsiku lomwelo, mawa lake n'kumuchita opaleshoni. Anatipeza ndipo anatisiya momwemo. Ndinawaperekeza makolo ake mpaka pageti ndikumwetulira, koma kunena zoona mumtima munali nsanje yowawa.

Patatha masabata anayi thupi linazizira ndipo anatseka msana. Tisanapume n'komwe, mutu unayamba kukula chifukwa madzi sankayenda bwino. Anamuchitanso opaleshoni ina, kumuika kachubu kochotsa madziwo. Tinatuluka chimanga chitayamba kale ngaiyaye, munda wathu uli thengo lokhalokha. Potitsanzika, namwino anaphunzitsa Felista kasamalidwe ka mwana pa nkhani ya mkodzo ndi chimbudzi, n'kumuuza kuti asanatenge pakati pena adzayambe wamwa mapiritsi a foliki asidi, amene amathandiza kuti msana wa mwana utsekeke bwino.

Tinkayesa kuti zatha. Koma Ennie ali ndi miyezi isanu ndi itatu, chidebe chinagwa pambali pake, phokoso lake mpaka nkhuku zinabalalika. Iye sanatembenuke n'komwe. Ndinaomba m'manja kumbuyo kwake, ndinaitana dzina lake, ndinakuwa. Ankangoseweretsa zala zake.

Tinabwerera kwa dokotala uja. Atamuyeza anavula magalasi. "Samva. Matenda aja anaononga makutu."

"Adokotala, ndiuzeni zoona," ndinatero. "Tikanabwera tsiku loyamba, bwenzi akuyenda?"

"Miyendo mwina ayi. Imeneyo anabadwa nayo choncho."

"Nanga makutu?"

"Makutu bwenzi alipo, bambo."

Felista analira njira yonse. Ine misozi inakana, koma mawu amenewo sanandichokebe m'mutu mpaka lero.

Ennie tsopano ali ndi zaka zinayi. Ali moyo, ndipo chimenecho sindichipeputsa, poti Mayi Gertrude akanapanda kudutsa tsiku lija bwenzi tikulozera kumanda. Amadzikoka ndi manja mofulumira kuposa mmene mungaganizire, amaseka kwambiri, ndipo timayankhulana ndi zala. Amene amamusambitsa ndi kupita naye kusikelo ndi agogo ake omwe aja. Mng'ono wake anabadwira kuchipatala, Felista atamwa mapiritsi aja, ndipo msana wake ndi wabwinobwino.

Tsono anzanga, mverani ine amene ndinapsa. Amayi azichirira kuchipatala. Mwana akabadwa ndi chotupa kapena chilonda kumsana kapena kumutu, musapakepo kanthu, musachifinye. Phimbanipo ndi nsalu yoyera, mugonekeni chafufumimba, thamangani naye tsiku lomwelo. Chikuta chidikire. Ndipo inu abambo, ulemu kwa apongozi ndi wabwino, koma usakutsekeni pakamwa mwana akudwala.

Za miyendo ya Ennie ndinazivomera, poti sitikanachitapo kanthu. Koma m'mawa uliwonse ndimamupatsa moni ndi pakamwa, mwachizolowezi, iye n'kumangoyang'ana milomo yanga akumwetulira. Mwana wanga sadzamva mawu anga, chifukwa pamene ankafunika mawuwo, ine ndinakhala chete.