Tsiku Limene Mlamu Anakwezera a Sakala

Amayi pondituma ku Katete sanachulutse gaga m'diwa. "Godfrey, ukatenge mlongo wako ndi mwana. Mwamuna wakeyo akafuna abwere adzagwire khasu. Akakana, atsale ndi makadi akewo." Ine ndiye mwinimbumba kwathu, choncho nkhani zotere zimagwera pamutu panga. Ndinanyamuka ku Vubwi titangogulitsa thonje, ndipo ndisaname, mumtima ndinali wokondwa. Munda wathu ndi waukulu, manja a mkamwini sakanatiipira.

Mlamu wanga Rabson anasiya ntchito yoyeza thonje pasikelo chifukwa cha masewera a makadi otchedwa poka. Ife kumudzi timangoti njuga. Iye ankakana kwamtuwagalu, amvekere, "Alamu, njuga ndi ya mwayi, iyi ndi ntchito ya mutu." Chaka chinatha, phindu la mutuwo osaoneka. Lendi ankalipira ndi mlongo wanga Mirriam, wogulitsa zitenje pamsika. Koma amene ankandimvetsa chisoni ndi mwana wawo Edith. Anali atangoyamba sekondale, pamene kwathu sekondale ili kutsidya kwa mitsinje, ndipo mvula ikayamba atsikana ambiri amalekera panjira. Kumutenga Edith kunali kumutulutsa sukulu. Tonse tinkadziwa, kungoti panalibe wofuna kunena.

Ndinafika Lachisanu, mwambo wa Kulamba utayandikira, tawuni yonse ili piringupiringu ndi alendo. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, Mirriam anayamba kundidandaulira mwamuna wake ali pomwepo.

"Achimwene, munthuyu kusewera amadziwa. Pafoni amapambana pang'onopang'ono, ndimaona ndekha. Loweruka akapita kuseri kwa shopu ya a Sakala, anyamata anzake onse amawadya. Kenako zonsezo amakazitula kwa a Sakala ngati msonkho."

A Sakala ndi mkulu wa malole onyamula soya, munthu wa imvi zake. Ndinafunsa Rabson ngati mkuluyo amamuposa nzeru. Iye anandifotokozera kaye masewerawo. Aliyense amapatsidwa makadi awiri obisa, ena amaikidwa poyera patebulo kuti onse aphatikize ndi awo. Wodzidalira amawonjezera ndalama pakati, ndiko kukweza. Woopa amataya makadi ake, zomwe anaika kale n'kutsalira anzake.

"Ndiye a Sakala akakweza, iwe umataya chifukwa chiyani?"

"Alamu, ndingawakwezere bwanji?" anatero akuyang'ana pansi. "Anali bwenzi la malemu bambo. Pamaliro bokosi anagula ndi iwo. Akangonditchula kuti mwana, dzanja limalemera."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu kusiya ntchito ya malipiro kuti azikapereka ulemu patebulo la njuga! Ndinamuuza kuti ulemu wotere kumunda kwa apongozi ake ukufunika kwambiri. Komabe, kuti asadzati ndinamuweruza ndisanaone, ndinavomera kukakhala nawo pamasewera a mawa lake. Ulendo wa ku Vubwi tinaupangira Lamulungu. Edith anamva zonse ali kukhomo, ndipo sanadye bwino tsiku limenelo.

Loweruka m'mawa ine ndi Rabson tinathandiza Mirriam kunyamula katundu kupita kumsika. Zitenje zinkayenda malonda chifukwa aliyense ankafuna chatsopano chovala ku Mkaika, kumene kumachitikira mwambo wa Kulamba. Kunabwera mayi wina wachikulire, wa ndodo, n'kusankha chitenje chofiira. Atamva mtengo anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, ine ndine ambuye ako. Tsitsako."

Mirriam anatuluka kuseri kwa benchi, anagwada mpaka bondo kugunda fumbi, n'kupereka chitenjecho ndi manja awiri. "Zoona amama, ndinu akuluakulu. Koma mtengo ndi womwewo." Mayiyo anang'ung'udza, anamasula mfundo ya pansalu, analipira, ndipo pochoka anamudalitsa kuti analeredwa bwino.

"Sunachite manyazi?" ndinamufunsa.

"Manyazi a chiyani? Mawondo ndimapinda tsiku lonse. Mtengo sindipinda, apo ayi ana adya chiyani?" Anayankha ine, koma maso anali pa mwamuna wake. Rabson ankangopindapinda chitenje chimene chinali chopindidwa kale.

Masana tinalowa kuseri kwa shopu. Munali fungo la matayala ndi soya, tebulo lili pakati, amuna atalizungulira. Ine anandipatsa kabenchi kumbuyo kwa mlamu wanga. Choyamba chimene ndinaona n'chakuti masewerawa ndi otopetsa kuonerera. Rabson ankangotaya makadi, kutaya, kutayanso, mpaka ndinayamba kuwodzera. Anyamata ena ankalowa paliponse ngati mbuzi m'dimba lopanda mpanda. Iye akalowa kamodzi, ankatuluka ndi kanthu. Kamulu kake kankakula mosadzionetsera, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina mutu ulipodi.

Kenako anamugawira mafumu awiri, makadi amphamvu kwambiri. Ndinawaona bwino pamene ankasuzumira. Patebulo panagwa mfumu yachitatu. Ngakhale ine wosadziwa ndinazindikira kuti apa zakoma. Anyamata onse anataya, kunatsala iye ndi a Sakala. Mkuluyo anakankhira mulu waukulu pakati, n'kutsamira kumpando.

"Iwe mwana, nikuziba kuchokera ukali na mamina. Manje ufuna kunidyela ndalama ine? Taya, tipitilize."

Ndinaona khosi la Rabson likufota. Dzanja lake linapita pa makadi aja kuti liwakankhe, ndipo mtima wanga unawawa, pakuti ngakhale ndinabwera kudzamutenga, kumuona akugonja chonchi kunandinyansa. Koma dzanjalo linaima. Anakankhira mpando kumbuyo, anatsika n'kunjuta pansi pambali pa tebulo, n'kuwomba m'manja mofatsa ngati akulonjera apongozi.

"Pepani atate. Ndinu akuluakulu, ndipo zimene munatichitira sindidzaiwala. Koma ndakweza."

Anadzuka n'kukankhira mulu wake wonse pakati. A Sakala anamuyang'ana nthawi yaitali, mphuno zikutukumuka, kenako nawonso anaika zawo, chifukwa kubwerera m'mbuyo pamaso pa anyamata sakanatha. Atatembenuza makadi, anthu anaimba mluzu. Mkuluyo analibe kanthu kogwirika, ankangoyembekezera kuti mwina khadi lomaliza likhala la mtima, kuti a mtima akwane asanu, amene amaposa mafumu atatu. Wogawa anatembenuza khadilo. Linali la mtima.

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. A Sakala anakokera mulu wonse kwawo. Ine ndinayamba kale kuganiza za malo a katundu pa minibasi.

Panja, Rabson ankayenda mopepuka ngati wapambana. Zinandikwiyitsa. "Wadyedwa zonse, ndiye ukumwetulira chiyani?"

"Za lero zokha, alamu. Zina zili kwa Mirriam, sindibwera nazo kuno. Koma tandiuzani, chaka chija munabzala thonje ndi mvula yoyamba, ng'amba n'kuwotcha, chaka chotsatira munasiya kubzala pa nthawi yake?"

"Ndikanasiya bwanji? Kubzala kunali kolondola. Inalakwa ndi mvula."

"Basi. Makadi amene aja akabweranso, ndidzakwezanso. Nthawi zambiri khadi lija silibwera. Chimene chimandidya chaka chonsechi si khadi lomaliza ayi."

Tisanafike pamsewu waukulu tinamva wina akuitana. Anali a Sakala, akubwera wefuwefu. Ndinakonzeka kupepesa m'malo mwa mlamu wanga, koma mkuluyo anagwira dzanja la Rabson ndi manja ake onse awiri.

"A Rabson, lelo mwanichititsa mantha. Chaka chonse nakhala nikudya ulemu wanu, nimaziba kuti nikakamba chabe muzataya. Manje nizadya chani?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Atate anu analinso so. Ulemu mbwee, koma pa mtengo wa ng'ombe sanali kusuntha. Mubwele Loweluka, koma muniuze kaye, nibwele na zing'ono."

Ndinazindikira kuti sanamutchulenso mwana. Rabson nayenso anamva, chifukwa maso ake analengeza misozi ndipo anayang'ana kumbali ngati akuwerenga chikwangwani.

Njira yonse ndinkalimbana ndi mutu wanga. Sindinganene kuti poka ndi ntchito yoti munthu angaifunire mwana wake, ndipo mpaka lero ndikamva mnyamata akuti ayamba, ndimamuuza kuti ambiri amatsala ndi kabudula yekha. Koma ndinali nditaona munthu wodziwa kudikira, wosabwera ndi chuma chonse patebulo, amene bowo lake linali limodzi, ndipo walitseka ine ndikuona. Ndinamuuza kuti ndikauza amayi kuti tidikire mpaka kukolola kwa chaka chamawa. Lendi ikadzakhala ikulipiridwabe ndi zitenje zokha, ndidzabwera ndi khasu lake m'manja. Anavomera mosanyinyirika.

Titafika kunyumba tinapeza Edith atakhala pakhonde, pamwamba pa chikwama chomangamanga. Palibe anamuuza kuti alongedze. Mabuku anali atawamanga padera ndi chingwe, ati akawabweze kwa aphunzitsi tisananyamuke. Ataona nkhope ya bambo ake ndi manja opanda kanthu, anaimirira n'kukonza diresi.

"Amalume, mawa tinyamuka nthawi yanji?"

Ndinaloza chikwamacho.

"Ndinyamuka ndekha. Iwe masula chimenecho, uchape yunifomu dzuwa lisanalowe. Lolemba usachedwe."