Kamera ya Maso Awiri ya ku Tengani

Geresomo anali mlembi wa nthambi ya chipani ku Tengani, koma anthu sankamudziwa ndi zolemba. Ankamudziwa ndi kamera. Chinali chibokosi chakuda cha maso awiri, lina pamwamba lina pansi, cholemera ngati njerwa, ndipo ankachikoleka m'khosi ngakhale popita kukagula mchere. Anachipeza mu 1975 kwa Mpwitikizi wina amene ankathawa ku Mozambiki. Mzunguyo anafika patsidya pa Shire ndi masutikesi awiri ndi mkazi wolira, Geresomo n'kumupezera bwato ndi ngolo yokamutula kusiteshoni ya sitima. Posiyana anamusiyira kamerayo poti inkangomulemera.

Kuyambira tsiku limenelo Geresomo sanakhalenso pamphasa. Paukwati uliwonse ankamupatsa mpando wakutsogolo ndi chiwindi cha mbuzi. Amayi ankavala zitenje zatsopano n'kuima pamzere padzuwa la kuchigwa kuno, thukuta lili kamukamu, iye atawerama, akusuzumira m'bokosimo kuchokera pamwamba ngati munthu amene wagwetsera ndowa m'chitsime.

"Musagwedezeke! Inu akumapetoko, tsekani pakamwa!"

Kenako ankadina batani. Akamufunsa za zithunzi ankayankha kuti zili ku Limbe, akuzitsuka. Chaka chinatha akuzitsukabe. Ana amene anajambulidwa ali kumbuyo anayamba kuyenda okha. Koma ndani akanamupanikiza munthu woti akangotchula dzina lako, mawa ayufi a chipani ali pakhomo pako?

Zinamuthina mu Ogasiti 1976. Wapampando wa chipani wa dera lonse, a Tomasi, anamuitanitsa. Kunkabwera mlendo wamkulu kuchokera ku Blantyre kudzapereka mphoto kwa alimi a thonje, ndipo a Tomasi ankafuna chithunzi chawo akugwirana chanza ndi mlendoyo, choti akakoleke pabalaza.

"Ichi chokha chisakakhalitse ku Limbe, mwamva alembi?" anatero a Tomasi, akumupatsa mafilimu awiri amene anaitanitsa okha kutauni.

Geresomo anawalandira ndi manja awiri. Polowera pake penipenipo sankapadziwa.

Mawa lake anakulunga kamera m'thumba la feteleza n'kudzera njira yakuseri kupita kwa Josephine. Josephine anali mayi wamasiye amene ankakonza mawotchi ndi makina osokera pakhonde la golosale pafupi ndi siteshoni. Ntchitoyo anaiphunzira kwa malemu bambo ake, a Lorenso, omwe anagwira zaka zambiri m'situdiyo ya zithunzi ku Beira asanasamukire kuno. Geresomo anali asanamupatsepo moni chibwerere mayiyo ku Tengani.

"Mayi, mungoipukutako fumbi. Ndi yabwinobwino," anatero akuyang'ana uku ndi uku.

Josephine anatsegula chitseko chakumbuyo kwa kamerayo. Munagwa zibuma za dothi louma. Mavu anali atamanga nyumba pamalo pokhala filimu, n'kuswana, n'kusamuka.

"Bambo, filimu yomaliza munaika liti?"

"Mwezi wathawu."

"Ndiye mavu ake ndi achangu."

Ntchitoyo inamutengera masiku atatu. Diso lapansi, lomwe ndi lojambula, linali litayanga nkhungu ngati ulusi wa kangaude. Analimasula ndi nsonga za sizasi, n'kulitsuka ndi sipiriti ndi thonje. Kuseri kwa galasilo kuli timasamba tachitsulo timene timatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kulowe. Timeneti tinali titamatirana, chifukwa Geresomo anathiramo mafuta ophikira kuti batani lizifewa. Josephine anatichotsa kamodzikamodzi, kutiviika m'petulo, kutiyanika pasosa, n'kutibwezera atagwira mpweya, poti kamphepo kokha kakanatha kukaulutsa. Chikopa chosendeka anachimata ndi guluu womatira machubu a njinga. Atadina, kamerayo inalira kuti tche, ndipo iye anadinanso kuti amvetsere, poti anali asanamve kulira kumeneko chimwalirire bambo ake.

Geresomo atabwera, Josephine anamuikira filimu imodzi n'kuyamba kumulangiza.

"Filimu imodzi ndi zithunzi khumi ndi ziwiri. Mukadina kamodzi, muzipotokola kagudumu aka mpaka nambala yotsatira ioneke pakazenera kofiiraka. Mukapanda kutero..."

"Mayi, kamera imeneyi ndayenda nayo chaka chathunthu. Inu mwaigwira masiku atatu."

Anaikoleka m'khosi n'kuchoka osanena ndi zikomo yemwe.

Tsiku la mphoto Geresomo anaonetsa luso lake lonse. Anakankha aphunzitsi aakulu, anathamangitsa amayi ovina kuti akumutchinga, anagwada, mpaka anagona chafufumimba m'fumbi pafupi ndi mabelo a thonje. Anajambula a Tomasi akugwirana chanza ndi mlendo. Anajambula alimi akulandira makasu. Anajambula tonde wamkulu amene a Tomasi anapereka kwa mlendoyo ngati mphatso. Ankawerenga mokweza kuti aliyense amve, mpaka anafika pa khumi ndi ziwiri. Galimoto ya mlendo itachoka m'pamene anakumbukira kagudumu kaja. Sanadandaule. Anakapotokola kamodzin'kamodzi mpaka filimu yonse inatha, n'kumadziyamikira kuti ntchito imene mkazi uja amaichita kakhumi ndi kawiri, iye waichita kamodzi.

Filimu inapita ku Limbe pasitima, ndipo patatha sabata ziwiri envelopu inabwera. Geresomo sanaitsegule. Anadikira msonkhano wa komiti, umene unachitikira m'kalasi ya pasukulu, n'kukaipereka m'manja mwa a Tomasi pamaso pa anthu onse.

Munali chithunzi chimodzi. Chinali chotuwa ngati utsi wa lupsa, ndipo muutsimo munkaoneka mitu, makasu ndi manja ambirimbiri olowana. Chooneka bwino chinali chimodzi chokha, pakati penipeni: jekete la a Tomasi, baji ya chipani ili pachifuwa, ndipo pamwamba pa kolala panali mutu wa tonde, nyanga zake ndi ndevu zake zomwe.

Chithunzicho chinadutsa m'manja atatu a Tomasi asanachilande. Mkulu wina anayamba kutsokomola n'kutuluka panja, ndipo anamveka akutsokomolabe kuseri kwa chimbudzi.

"Alembi, ichi n'chiyani?"

Geresomo anasuzumira chithunzicho. Nzeru zimene zinamusowa pa kagudumu zinamubwerera msanga pofuna womukankhira mlandu.

"A wapampando, ndi mkazi uja wa ku Mozambiki. Anaigwira kamera masiku atatu. Waikamo zinthu. Anthu amenewa salemekeza chipani."

Masiku amenewo anthu ankapita kundende pa zinthu zochepa kuposa mbuzi. Ayufi awiri anakamutenga Josephine pakhonde lake, wotchi ya munthu ili yosatseka patebulo. Analowa m'kalasimo n'kugwada pafupi ndi khomo.

"Iwe, waloza kamera?" anafunsa a Tomasi.

"Nkhabe, mbuya. Sindinaloze. Ndikupempha ndione filimu imene yabwera ndi chithunzicho."

Anaikutumula mu envelopumo n'kumupatsa. Josephine anaitambasula pazenera kuti onse aone. Malo amodzi anali akuda bii, kwina konse kuli mbee ngati madzi.

"Zithunzi zonse khumi ndi ziwiri zaunjikana apa. Kunoku sikunafike kuwala. Wojambula sanapotokole."

"Bodza! Iwe ungandiphunzitse ine?" anakuwa Geresomo.

"Ndiye awaonetse akuluakuluwa mmene amajambulira."

A Tomasi anagwedeza mutu kuti atero. Geresomo anaimirira, anawerama, anadina. Anasuntha phazi, anadinanso. Anasuntha, anadinanso, akuyang'ana anthu monyadira. Kagudumu sanakakhudze. Ngakhale ayufi aja, amene sukulu analekeza Sitandade 3, anaona pamene pagona vuto.

A Tomasi anatembenukira kwa Geresomo.

"Nanga zithunzi za ukwati wa mwana wanga chaka chatha?"

Geresomo anayang'ana kudenga. Josephine ndiye anayankha, maso ali pansi.

"Mbuya, mmene ndinkaitsegula munalibe filimu. Sindikukhulupirira kuti munalowapo filimu chichokere mwini wake."

Ulembi wa Geresomo unathera pomwepo. Koma musaganize kuti Josephine anathokozedwa. A Tomasi anang'amba chithunzi chija, n'kulengeza kuti kamerayo tsopano ndi katundu wa chipani, kutanthauza kuti wawo. Anamulamula Josephine kuti aike filimu yachiwiri awajambule. Zithunzi zonse khumi ndi ziwiri zinali za iwo okha: ataima, atakhala, atagwira njinga, atagwira wailesi, ataloza kumwamba. Zinatuluka zowala bwino, mpaka ulusi wa jekete unkawerengeka. A Tomasi ankauza alendo kuti chinsinsi chake n'kaimidwe ka munthu wojambulidwayo.

Kamera anaitsekera m'kabati, pamodzi ndi mbale za alendo. Josephine anawachenjeza kuti aziitulutsa ipitidwe mphepo, koma iwo anati katundu wa chipani sayanikidwa ngati chinangwa. Mvula inagwa, Shire anasefukira, makoma a nyumba anayamba kutuluka thukuta. Pofika Epulo a Tomasi anafuna chithunzi ndi ng'ombe zawo zatsopano, ndipo anamuitanitsanso.

Josephine anayang'ana diso lapansi. Nkhungu inali itabwerera, koma yapamwamba chabe, yoti thonje ndi sipiriti zikanaichotsa tiyi asanazizire. Anaizunguza kamerayo m'manja, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kupukusa mutu.

"Yafa, mbuya. Galasi ladyeka."

"Singakonzeke?"

"Mwina ku Ulaya."

A Tomasi anatsonya. Anati iwo ankadziwa kale kuti chinali chiphakasa cha Apwitikizi, ndipo munthu waudindo ngati iwo ayenera kukhala ndi kamera yamakono, yaing'ono, ya diso limodzi. Anaikankha ndi phazi.

"Chotsa chinyalala chakochi pakhomo panga."

"Takhuta, mbuya," anathokoza Josephine, n'kuikulunga m'chitenje.

Sanakhalitsenso ku Tengani. Mwezi womwewo anamanga zipangizo zake n'kupita ku Nchalo kwa mchemwali wake. Kumeneko anthu odula nzimbe ankafuna zithunzi za pa ziphaso zawo za ntchito, ndipo ena ankafuna zotumiza kwa akazi awo kumudzi. Anakoleka nsalu yoyera pakhoma la telala wina pamsika, naika mpando umodzi patsogolo pake, kamera ija ili m'khosi. Loweruka lililonse mzere unkafika mpaka pa ogulitsa nsomba.